Mmene Tingachepetsere Utsi wa Mathiraki Oima Injini Ikulira, Kuyambira ku Thyolo Mpaka ku Muloza

Msewu wa M2, umene umachoka ku Limbe n'kudutsa ku Bvumbwe, pa boma la Thyolo, ku Luchenza ndi ku Chitakale mpaka kukafika pa chipata cha Muloza, ndi njira ya mathiraki onyamula tiyi, feteleza, simenti ndi katundu wina wolowa kapena kutuluka m'dziko muno kudzera ku Milange, m'dziko la Mozambique. Thiraki ikamayenda, utsi wake umamwazika pa mtunda wautali, koma ikaima malo amodzi injini ili chilirire, utsi wonsewo umathera pa anthu omwewo amene ali pafupi: amayi ogulitsa nthochi ndi nanazi, anyamata a kabaza, ophika tchipisi pa chiwaya, alonda, komanso dalaivala mwini wake amene wagona m'katimo. Malangizo awa ndi a madalaivala, eni mathiraki, oyang'anira malo opakirira katundu, ndi anthu okhala kapena kuchita malonda m'mphepete mwa msewuwu.

Dalaivala wa maulendo ataliatali amadziwa kufunika kwa mafuta kuposa ife tonse, ndipo sasiya injini ikulira usiku wonse chifukwa cha umbuli. Amaisiya chifukwa pali chinthu chimene chawonongeka kapena chikusowa: mabatire ndi ofooka ndipo akuopa kuti m'mawa injini ikana kulira, mpweya wa mabuleki ukutha wokha, m'kati mwa thiraki mukutentha kapena kuzizira, kapena mzere ukusuntha pang'onopang'ono moti akazimitsa injini mnzake amudumpha. Chikwangwani choletsa kuliza injini sichikonza batire. Ntchito yeniyeni ndi kupeza chifukwa chake pa thiraki iliyonse ndi pamalo alionse, n'kuchichotsa.

Dziwani kaye zimene zikutayika

Injini ya thiraki yaikulu ikamalira galimoto itaima imamwa mafuta a dizilo okwana pafupifupi malita 3 pa ola limodzi, ndipo imamwa oposa pamenepa ngati choziziritsa mpweya m'galimoto (AC) chayatsidwa kapena ngati dalaivala wakweza kuthamanga kwa injini. Maola 8 a usiku umodzi ndi malita 24 amene sanasunthe katundu ngakhale pang'ono. Lita iliyonse ya dizilo ikapsa imatulutsa makilogalamu oposa 2.6 a mpweya wa carbon dioxide, kutanthauza kuti usiku umodziwo thiraki imodzi yatulutsa makilogalamu oposa 60 a mpweya umene ukuwonjezera kutentha kwa dziko. Ku United States, kumene nkhaniyi inafufuzidwa kwambiri, akatswiri a bungwe lochita kafukufuku la Argonne National Laboratory anapeza kuti thiraki ya maulendo ataliatali imalira itaima pafupifupi maola 1,800 pa chaka. Mwini thiraki wa kuno atenge maola a galimoto yake, achulukitse ndi 3, kenako ndi mtengo wa lita imodzi wa lero, ndipo aona yekha ndalama zimene zikupsa.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ndi mapapo a anthu. Mu utsi wa dizilo muli timwaye ting'onoting'ono kwambiri, timene akatswiri amatitcha PM2.5, tosaoneka ndi maso, timene timadutsa m'mphuno n'kukafika m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. Mulinso mpweya wa nitrogen dioxide umene umatupitsa njira zopumira ndi kudzutsa mphumu. M'chaka cha 2012, nthambi ya bungwe la World Health Organization yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, inalengeza kuti utsi wa injini za dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo mwa anthu. Ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera, ndi anthu amene akudwala mtima, mphumu kapena chifuwa chachikulu ndi amene amavulala msanga. Ndipo kuno kwathu pali vuto lina: m'miyezi ya June ndi July, m'mamawa kukazizira ndipo kulibe mphepo, mpweya wozizira umakhazikika pansi n'kugwira utsi kuti usakwere kumwamba, moti nthawi imene madalaivala amalizitsa injini kuti afunde ndi nthawi yomweyo imene utsi umakhalitsa pamene anthu akupuma.

Yambani ndi mabatire ndi mpweya wa mabuleki

Ngati mwini thiraki ali ndi ndalama zokonzera chinthu chimodzi chokha, ayambe ndi mabatire. Mathiraki ambiri ochokera ku Ulaya ndi ku Asia amagwiritsa ntchito magetsi a mavoti 24, ochokera ku mabatire awiri a mavoti 12 olumikizidwa pamodzi. Yezani ndi mita yoyezera magetsi galimoto itagona usiku wonse, injini isanalire: mabatire abwino odzaza asonyeza mavoti pafupifupi 25, ndipo akasonyeza 24.4 kapena kuchepera apo ndiye kuti atsika kufika pafupifupi pa theka. Kenako lizani injini ndi kuyezanso. Muyenera kuona mavoti a pakati pa 27 ndi 28.5, ndipo ngati sakufika pamenepo, vuto lili pa alternator (chida chotchaja mabatire), pa lamba wake, kapena pa mawaya, moti ngakhale mutagula mabatire atsopano adzafooka m'milungu yochepa. Tsukani mitu ya mabatire pomwe pachita zoyera ngati ufa, mangitsani zingwe, ndipo musaiwale chingwe chopita ku chitsulo cha galimoto, chifukwa chikachita dzimbiri sitata imazungulira mwaulesi ngakhale mabatire ali abwino. Posintha mabatire, sinthani onse awiri nthawi imodzi. Batire latsopano likamangidwa pamodzi ndi lakale, lakalelo limafooketsa latsopano, ndipo ndalama imene mumati mwasunga mudzailipira kawiri.

Dalaivala amene anakanidwapo ndi injini m'bandakucha pamalo opanda makaniko, thiraki yodzaza matani 30 imene palibe angaikankhe, sadzazimitsanso injini mpaka atakhulupirira mabatire ake. Mantha amenewa ndi omveka, ndipo mankhwala ake ndi kumuonetsa zotsatira za kuyeza kuja asananyamuke, osati kumukalipira.

Chachiwiri ndi mpweya. Mabuleki a thiraki amagwira ntchito ndi mpweya umene kompuresa imapopera m'matanki injini ikamalira, ndipo buleki yoimikira galimoto imagwidwa ndi masipuling'i amphamvu amene amamasuka pokhapokha mpweya ukakwana. Izi zikutanthauza kuti kuzimitsa injini sikumasula buleki yoimikira. Mpweya ukatha, buleki imeneyi imakhala yogwirabe. Vuto ndi lakuti thiraki imene mapayipi ake akutaya mpweya singanyamuke msanga, chifukwa dalaivala ayenera kudikira mphindi zambiri, nthawi zina akuponda mafuta kuti matanki adzadze msanga, ndipo utsi wakuda umene timauona m'mamawa pamalo oimika mathiraki nthawi zambiri umachokera pamenepa. Thiraki yabwino iyenera kudzuka m'mawa mpweya ulipo wambiri ndithu.

Kupeza pamene mpweya ukutuluka sikufuna zida zodula. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, ikani zotsekera kumatayala, dzazani matanki, zimitsani injini, masulani buleki yoimikira ndipo yang'anani geji kwa mphindi imodzi. Pa mayeso a madalaivala a mathiraki ku United States, thiraki yokoka ngolo siloledwa kutaya mpweya woposa 3 psi pa mphindi imodzi, umene ndi pafupifupi 0.2 bar (psi ndi bar ndi miyezo ya mphamvu ya mpweya yolembedwa pa geji), ndipo muyezo umenewu ndi wothandiza ngakhale kuno. Ngati geji ikutsika mofulumira, zungulirani galimoto mwakachetechete mukumvetsera, kenako pakani thovu la sopo pa zolumikizira zonse, makamaka pa mapayipi opita ku ngolo, pa mavavu ndi pa zikwama za mpweya zimene zimagwira ntchito ya masipuling'i ngati thiraki ili nazo. Pamene thovu likufufuma ndi pomwe pali bowo. Nthawi zambiri chofunika kusintha ndi kalabala kakang'ono kapena kachidutswa ka payipi, zinthu zimene mtengo wake suposa mafuta a usiku umodzi. Tulutsaninso madzi m'matanki kawirikawiri, chifukwa chinyezi cha Thyolo ndi Mulanje chimadzaza madzi m'matankimo ngati chowumitsira mpweya chatha ntchito, ndipo madziwo amawononga mavavu.

Mphindi zimene injini iyeneradi kulira

Si kulira konse kwa injini yoima kumene kuli kopanda ntchito, ndipo dalaivala akauzidwa kuti azizimitsa nthawi yomweyo akangoima, adzadziwa kuti womuuzayo sadziwa za injini. Thiraki yodzaza ikangomaliza kukwera zitunda za Thyolo, turbo yake, chida chokankhira mpweya wochuluka mu injini, imakhala yotentha kwambiri, ndipo injini ikazimitsidwa mwadzidzidzi oyilo amaleka kuyenda n'kupserera m'kati mwa turbo. Choncho mukaima mutangogwiritsa injini ntchito yolemetsa, isiyeni ilire mphindi 3 mpaka 5, kenako zimitsani. Ngati mwafika mukuyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana.

M'mawa ndi chimodzimodzi. Injini ya dizilo siwotha msanga ikamalira popanda katundu, ndipo chizolowezi choiliza theka la ola kapena ola lathunthu kuti itenthe n'chotsalira cha injini zakale ndi cha mayiko a chisanu choundana. Kuno, ngakhale m'nyengo ya chiperoni, dikirani kuti geji ya oyilo ikwere ndi kuti mpweya ukwane, zomwe pa thiraki yabwino zimatenga mphindi zosaposa 5, ndipo nyamukani modekha, osathamangitsa injini pa makilomita oyambirira. Kuliza injini nthawi yaitali itaima kumaiwononga: mafuta sapsa mokwanira, ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula, mwaye umamata pa mavavu ndi pa ma injector opopera mafuta mu injini, ndipo pa mathiraki atsopano fyuluta yogwira mwaye, yotchedwa DPF, imatsekeka msanga chifukwa imafuna utsi wotentha kwambiri kuti idziyeretse. Chida chochepetsa mpweya woipa wa nitrogen oxides pogwiritsa ntchito madzi a mankhwala otchedwa AdBlue nachonso sichigwira bwino ntchito utsi ukakhala wozizira, moti ngakhale thiraki yamakono imaipitsa mpweya ikamalira itaima. Ena fyulutayo ikatsekeka amangoichotsa. Ndikupempha eni mathiraki kuti asachite zimenezi, chifukwa mwaye umene fyuluta ikanagwira umakathera m'zifuwa za anthu a m'misika.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: ngati mukuona kuti muima kupitirira mphindi 5, zimitsani. Kulizanso injini imene munazimitsa ikadali yotentha kumadya mafuta osakwana a mphindi imodzi ya kulira chabe, ndipo sitata yabwino inapangidwa kuti izigwira ntchito kambirimbiri. Muyezo wa mphindi 5 ndi womwenso boma la California linaika m'malamulo ake a mathiraki akuluakulu a dizilo. Zonsezi zikunena za galimoto yoimikidwa, buleki itagwira. Kuzimitsa injini galimoto ikutsika chitunda pofuna kusunga mafuta ndi kuika miyoyo pachiswe, chifukwa chiwongolero chimauma ndipo mpweya wa mabuleki suwonjezeka.

Usiku m'kati mwa thiraki

Apa ndi pamene maola ambiri amathera, ndipo mpofunika kukumbukira kuti thiraki ndi nyumba ya dalaivala kwa milungu yambiri. Mu October ndi November kumunsi kwa phiri la Mulanje kumatentha, akatsegula mawindo udzudzu umalowa, ndipo amaopanso akuba, choncho amatseka n'kuyatsa AC. Njira yotsika mtengo ndi kudula neti yolimba molingana ndi mawindo kuti azitseguka pang'ono udzudzu osalowa, kupachika neti ya udzudzu pa kabedi, ndi kuika fani yaing'ono ya mavoti 24, imene imadya magetsi ochepa moti mabatire abwino amaipirira usiku wonse. Masana imikani pamthunzi ngati malo alipo, ndipo phimbani galasi lakutsogolo ndi chotchinga dzuwa, chifukwa kutentha kwina kwa usiku ndi kumene zitsulo ndi mipando zinasunga masana. Eni mathiraki amene angakwanitse agule choziziritsa choyendera mabatire, chimene chimamangidwa padenga kapena kumbuyo kwa kanyumba ka dalaivala, koma achigule pamodzi ndi mabatire ake apadera kapena chida chozimitsa chokha magetsi akatsika, apo ayi tibwereranso ku vuto la injini yokana kulira m'mawa.

M'nyengo yozizira, makamaka chiperoni chikagwa masiku angapo, mabulangete awiri abwino ndi chipewa amathandiza kwambiri. Palinso mahita ang'onoang'ono a dizilo, monga a Webasto ndi Eberspächer, amene mathiraki ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ku Ulaya amabwera nawo, ndipo amamwa mafuta osakwana theka la lita pa ola. Funsani makaniko aone ngati thiraki yanu ili nayo, chifukwa nthawi zina hitayo imakhalapo koma inangofa chifukwa cha fyuzi kapena kapampu kakang'ono. Mbaula ya makala isalowe m'kati mwa thiraki yotseka mawindo ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wa carbon monoxide sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Ngozi yomweyi ilipo kwa amene amagona injini ikulira pamene payipi ya ekizozi ili ndi bowo pansi pa kanyumba kake. Foni, wayilesi ndi kafiriji kakang'ono zingathe kuyendera sola imodzi yomangidwa padenga pamodzi ndi batire lapadera, ndipo kuliza injini yaikulu chonchija pofuna kutchaja foni kuli ngati kukoleza nkhuni za mtolo wonse pofuna kuwotcha chimanga chimodzi.

Mzere wa pa chipata ndi pa fakitale

Dalaivala ali ndi mphamvu pa kiyi wake, koma alibe mphamvu pa mzere. Mzere umene umasuntha mamita ochepa mphindi zingapo zilizonse umakakamiza aliyense kusiya injini ikulira, ndipo apa udindo uli kwa oyang'anira malowo, kaya ndi pa chipata cha Muloza, pa sikelo, pa fakitale ya tiyi kapena pa nyumba yosungira katundu ku Luchenza. Njira yake ndi kupereka nambala kwa thiraki iliyonse ikangofika, kuilozera poti iime, ndi kuitana dalaivala pa foni kapena kudzera mwa mlonda nthawi yake ikatsala mphindi 10. Munthu amene akudziwa kuti malo ake ndi osungika amazimitsa yekha, n'kupita kukadya. Pamene mzere sungathetsedwe, usunthidwe m'magulu, mathiraki asanu kapena khumi nthawi imodzi, kuti ena onse akhale chizimire. Madalaivala eni ake akhoza kugwirizana zimenezi ngakhale akuluakulu asanalamule, ndipo mabungwe awo, monga Professional Drivers Union of Malawi ndi Road Transport Operators Association, ndi oyenera kukambirana ndi a bungwe lotolera misonkho la MRA za kayendetsedwe ka mizere.

Mapepala nawonso ndi gawo la nkhaniyi. Thiraki imene ejenti wake watumiza zikalata ndi kulipira zofunika isanafike pa chipata imakhalapo maola ochepa, pamene inzake imene mapepala ayamba kukonzedwa itafika kale ikhoza kugona pomwepo. Kumafakitale, kupereka nthawi yeniyeni yopakira kwa thiraki iliyonse, m'malo mouza onse kuti abwere m'mawa, kumachepetsa kudikira. Ndipo malo opumira okhala ndi mthunzi, madzi akumwa, chimbudzi, bafa ndi soketi yotchajira foni amatulutsa dalaivala m'thiraki popanda womukakamiza, bola pakhale mlonda wodalirika woyang'anira katundu ndi mafuta.

Mwini thiraki ayeze, osati kungoganiza. Zida zambiri zolondolera galimoto zimasonyeza maola amene injini inalira galimoto isakuyenda, ndipo kompyuta ya mathiraki ambiri imasunganso chiwerengero chomwechi. Onani maola a mwezi wathunthu, khalani pansi ndi dalaivala, ndipo mufunseni kuti pa malo akutiakuti chinachitika n'chiyani, chifukwa yankho lake likuuzani chofunika kukonza. Maola akatsika, mupatseni gawo la ndalama zimene zapulumuka, moonekera komanso pa nthawi yake. Kudula malipiro a dalaivala amene mwamutumiza ndi mabatire akufa n'kupanda chilungamo, ndipo zotsatira zake ndi zakuti adzaphunzira kubisa m'malo mozimitsa.

Kwa okhala ndi ogulitsa m'mphepete mwa msewu

Anthu a pa Limbuli, pa Muloza ndi m'misika ina ya m'mbali mwa msewu sayenera kudikira lamulo kuti adziteteze. Thiraki ikaima pafupi ndi malonda anu injini ikulira, lankhulani ndi dalaivala mwaulemu, monga kunena kuti, "Achimwene, pepani, utsiwu ukulowa m'zakudya ndipo pano pali ana, mungatizimitsireko injini, kapena kusunthira uko?" Madalaivala ambiri ndi makolo, ndipo amamva akapemphedwa motere. Akakuuzani kuti galimoto ikazima sidzaliranso, mupempheni aimike moti payipi ya utsi iloze kutali ndi anthu, kumbali imene mphepo ikupita. Mayi amene wabereka mwana kumbuyo apewe kuima pafupi ndi payipi ya m'munsi pamene akugulitsa kudzera pa windo, ndipo zakudya zophikaphika zivundikiridwe. Kansalu kophimba pakamwa sikagwira bwino timwaye ta PM2.5, chothandiza ndi kutalikira.

Komiti ya msika, mafumu ndi khansala wa dera angapemphe khonsolo ya Mulanje kapena ya Thyolo kuti isankhe malo oimika mathiraki otalikirana ndi sukulu, chipatala ndi pophikira zakudya, ndi kuika muyezo wa mphindi 5 m'malamulo a khonsolo. Dandaulo la kuipitsidwa kwa mpweya likhoza kupita kwa mkulu woona za chilengedwe pa khonsolo, kapena ku bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environment Management Act la 2017. Polemba dandaulo, tchulani malo, nthawi ya tsiku imene utsi umachuluka, ndi chiwerengero cha mathiraki amene mumawaona, chifukwa zimenezi zimathandiza kuposa mawu aukali.

Lamulo lotere likamalembedwa, lisiye mpata kwa magalimoto amene injini yake ikugwira ntchito ngakhale ataima, monga thanki imene ikupopa mafuta pogwiritsa ntchito injini, thiraki yotsitsa mchenga, kapena imene makaniko akuiyeza. Ngolo zoziziritsa katundu zili ndi kainjini kake kapadera kamene sikangazimitsidwe chifukwa katundu angawole, koma injini yaikulu ya kutsogolo iyenera kuzimitsidwa ndithu, ndipo zina mwa ngolozi zimatha kulumikizidwa ku magetsi a ESCOM ngati pamalopo pali soketi yoyenera. Ngolo zoterezi zipatsidwe malo a kumapeto kwa bwalo, kutali ndi pamene anthu amagona ndi kudyera.